Ndiwo Zopanda Mchere

1

Mukamva ku Kapata kuno kuti kuli mkazi amene anatenga mimba mwamuna wake ali chikhalire pampando ndi sitiroko, musavutike n'kufunsa kuti ndi ndani. Ndine. Dzina langa ndine Rosina, ndimagulitsa zitenje pamsika, ndipo amene akudikira kuti ndipepese adzamera imvi akudikira. Nkhani yanga yakambidwa kale pamijigo, m'maminibasi ndi kuseri kwa tchalitchi, okamba ake anthu oti pakhomo panga sanapondepo. Lero muimve kwa mwini wake.

Amuna anga, a Fackson, anali dalaivala wa thiraki. Ankadutsa pachipata cha malire cha Mwami kupita ku Malawi ndi ku Mozambiki, ndipo pakhomo ankafika ngati mlendo: kuponya thumba la zovala zakuda, kudya, kugona, m'mawa mwake ulendo. Mwana tinali naye mmodzi yekha, Chipo, amene ali kusekondale yogonera komweko. Chibadwire Chipo sindinaimenso, ndipo achibale awo anagamula okha kuti vuto ndi langa.

Tsiku lina masana ndili pamsika foni inalira. Anali a Boaz, mnzawo wa a Fackson kuyambira paunyamata, amene amayendetsa takisi mutauni muno.

"Alamu, siyani zonse muthamangire kuchipatala. Fackson wagwa pa Mwami ali pamzere wa mapepala."

"Agwa bwanji? Ngozi?"

"Iyayi, wangogwa. Kukamwa kwapindika, sakulankhula."

Adokotala anati ndi sitiroko, ndipo inabwera ndi BP imene a Fackson ankakana kukayezetsa. Inagwira mbali yonse ya kumanja, n'kutenganso mawu.

2

Poyamba mkono unali lende, ukaunyamula n'kugwa wokha. Ine ndinkayesa choipa chathera pomwepo. Patapita milungu ingapo unayamba kulimba. Chigongono chinapindika, mkono n'kukwera kudzakhala pachifuwa, zala n'kufumbata chala chachikulu chili m'kati. Phazi nalo linaloza pansi, chidendene osafuna kuponda. Ukati utambasule mwamsanga, mkonowo unkakana n'kubwerera mwamphamvu. M'chikhatho munkadzaza thukuta, zikhadabo n'kumalowa m'mnofu, mpaka munayamba kununkha.

Mayi wa mafizo kuchipatala, a Irene, sanandibisire kanthu.

"Amake Chipo, minofu iyi sinafe ayi. Yamangika chifukwa ubongo wasiya kuiuza kuti ipume. Mukaisiya chonchi ifupika, ndipo dzanja ili lidzatsekeka osatsegukanso. Muzilitambasula tsiku ndi tsiku, pang'onopang'ono, osalimbana nalo. Muziona likufumbata kwambiri akazizidwa, akamva ululu, akayasamula, akakwiya, ngakhale akaseka. Zimenezo zisakuopseni. Koma mchere mum'chepetse kwambiri, mukatha mungousiya. Sitiroko yachiwiri sigogoda."

Anandiphunzitsa ndi manja awo. Kuyamba ndi nsalu yoviika m'madzi ofunda. Kenako phewa, kenako chigongono, kenako pamfundo ya dzanja. Ukafika pachibakera suyamba ndi zala zinayi zija, umayamba watulutsa chala chachikulu, zinazo zimatsatira zokha monyinyirika. Anatipatsa kathabwa ka pulasitiki komangirapo dzanja likatseguka, ndi mapilitsi ofewetsa minofu amene ankawagonetsa a Fackson masana dzuwa likuswa mtengo.

Ndekha sindikanatha, a Fackson ndi chimunthu. A Boaz ndiwo ankabwera kudzatitenga popita kuchipatala, ndipo masiku ena ankasiya makasitomala n'kudzawagwira m'chiuno ine ndikutambasula mwendo. Chitseko tinkatseka, chifukwa amuna anga sankafuna kuti anthu aziwaona akulira. Koma hutala ya takisi ija ikangolira panja, mkono wa a Fackson unkakwera, chibakera n'kulimba gwa, nkhope n'kukwinyika mbali imodzi. Chimenechi muchisunge, tichipezanso kutsogoloku.

3

Patapita miyezi kunabwera alongo awo aakulu a amuna anga, a Leticia, kuchokera ku Kasenengwa. Anati abwera kudzandithandiza. Ndinawalandira ndi manja awiri, chifukwa msana wanga unali utatha.

Tsiku loyamba lomwelo analawa nyemba n'kuika supuni pansi.

"Mlamu, mwaiwala mchere."

"Sindinaiwale, alamu. Kuchipatala analetsa chifukwa cha BP. Wanu uli m'kasosala apo, muziwaza m'mbale mwanu."

Anandiyang'ana kuyambira kuduku mpaka kumapazi.

"Analetsa a chipatala, kapena ndi dzanja lanu likuopa?"

Inu a kwathu kuno mwamva kale kumene ankalowera. Amati mkazi akayenda ndi mwamuna wina n'kudzathira mchere m'ndiwo za mwamuna wake, amamudula, mwamunayo n'kudwala mdulo mpaka kufa. Ndiye kwa a Leticia, mkazi woopa kugwira mchere anali mkazi wodziwa zimene wachita. Ine ndinaseka, poganiza kuti ndi nthabwala za pachilamu. Ha, kupusa kwanga!

M'mawa mwake ndinawapeza akuwaza mchere wodzaza dzanja m'mbale ya a Fackson.

"Alamu, mukutani?"

"Ndikudyetsa mlongo wanga chakudya cha anthu. Ine ndine wamasiye, thupi langa n'lozizira, mchere wanga sudula munthu."

"Mchere ndi mchere, alamu. BP sifunsa kuti wathira ndani."

Ndinalanda mbale ija n'kukakhuthulira galu. Kuyambira tsiku limenelo a Leticia anasiya kuthandiza, anayamba kulondera. Ndikawapatsa amuna anga mapilitsi n'kuwodzera, ankati ndikuwagonetsa dala kuti asaone zanga. Tikatseka chitseko ndi a Boaz, ankaika khutu pawindo. Akamva a Fackson akubuula, ankaguguda pachifuwa n'kumati mayo, akumupha mlongo wanga. Ndinawaitana kangapo kuti alowe adzaone okha ndi kuphunzira kutambasula mkono. Anakana, ati maso awo sangapirire.

4

Kenako ndinayamba kusanza m'mawa. Fungo la kapenta wokazinga linkandithamangitsa m'khitchini. Ndinakwera takisi ya a Boaz ndekha kupita kusikelo, ndipo pobwera ndinapeza a Leticia atayima pakhonde, manja ali m'chiuno, pambali pa mpando wa a Fackson.

"Mlamu, ine ndinabereka ana asanu ndi awiri. Musandiyese mwana. Mimba iyi ndi ya ndani?"

Ndinayang'ana amuna anga. Maso awo anali pansi.

"Afunseni eni nyumba, alamu. Si awa ali apawa?"

"Ndifunse ameneyu? Fackson ndi khanda tsopano, sadziwa n'komwe kuti lero n'Lachingati. Zaka zonse zija ali bwinobwino simunaime. Lero ali chonchi ndiye mimba bwaa! Ndikufunsa inu."

Ankalankhula zimenezi pamutu pawo penipeni, ngati akulankhula pamwamba pa thumba la chimanga. Mkono wa a Fackson unakwera, chibakera n'kulimba gwa.

"Mwaona!" a Leticia anakuwa kuti anthu oyandikana nafe amve. "Akufuna kukumenyani, mphamvu chabe alibe. Ndipo wa takisi uja akangoliza hutala, chibakera chimadzuka chomwechi. Mulungu wam'tseka pakamwa koma wam'siyira dzanja kuti linene."

Mtima unandiwawa zedi, koma ndinalumbira chamumtima kuti funso lofunsidwa moteroli sindidzaliyankha, ngakhale andikokere kubwalo.

Sabata isanathe, Kapata yense anali atamva. Akazi a a Boaz anasiya kundiyankha moni. Kutchalitchi azimayi ankandisiyira benchi yonse ndekha ngati ndili ndi mphere. Pamsika anthu ankabwera kudzagwiragwira zitenje, maso ali pamimba panga, n'kuchoka osagula.

A Leticia anaimbira foni amalume awo, a Andireya, amene ndi nkhoswe ya ukwati wathu. Anagwirizana kuti Loweruka abwera ndi galimoto kudzatenga a Fackson kupita nawo ku Kasenengwa. Kumeneko ati kuli munthu wodziwa kutema mphini pamkono wouma. Ine ndiye ndione kolowera.

5

Tsopano ndikuuzeni chinthu chimene a Leticia sankachidziwa, ngakhale ankagona nafe nyumba imodzi. A Fackson ankalankhula.

Osati kwambiri ayi. Mawu ankatuluka limodzilimodzi, movutikira, ena opotoka. Koma tikakhala awiri ankalankhula. Kale anali munthu wa pakamwa, wokamba nkhani za pamsewu mpaka anthu kugwa m'mipando ndi phwete. Atangotuluka m'chipatala kunabwera alendo kudzawaona, iwo pofuna kunena kuti zikomo pakamwa panatuluka "nsapato." Mlendo wina anaseka. Kuyambira tsiku limenelo anatseka pakamwa pamaso pa anthu, ndipo anandilumbiritsa kuti ndisauze aliyense.

Loweruka lija m'mawa ndinatseka chitseko, n'kuviika nsalu m'madzi ofunda monga mwa masiku onse. Unali mwezi wa Julaye, ndipo kuzizira kunali kutaumitsa mkono ngati chikuni.

"Atate a Chipo, lero pabwalo ine sindiyankha kanthu."

"Rozi... uwa... uwauze."

"Ayi. Ndikanena ine ati ndikunama. Mwini wake wa mimba iyi inu mukumudziwa. Ndakhala dzanja lanu, ndakhala mwendo wanu, sindinadandaule. Koma pakamwa panu lero sindikhala."

"A... aseka."

"Aseke! Ine akundiseka Kapata yense, ndafa? Mverani, atate a Chipo. Mukakhala chete mukwera galimoto ija. Kumeneko palibe amene adzakutambasuleni. Dzanja ili, limene talilirira miyezi yonseyi, likatsekeka mpaka kumanda. Ndipo azikakuthirirani mchere ndi chikondi chonse mpaka sitiroko ibwerenso."

Anatembenuzira nkhope kukhoma. Ndinamaliza kutambasula zala, koma kathabwa kaja anakana kuti ndiwamange. Ndinatola nsalu ija n'kutuluka m'chipindamo. Ndinali nditaika ukwati wanga wonse pa lilime la munthu woopa kusekedwa.

6

Anakhala pabwalo pamipando yobwereka. Panali amalume a Andireya atavala jekete ndi chipewa, a Leticia, ndi achimwene anga a Alfonsi amene anangozyolika osafuna kundiyang'ana. Anthu oyandikana nafe anapeza zochapa zambiri pafupi ndi mpanda tsiku limenelo. Galimoto inali itayima pamsewu, ndipo chikwama cha a Fackson a Leticia anali atalongedza kale.

A Boaz nawo anaitanidwa. Hutala italira, mkono wa amuna anga unakwera monga mwa nthawi zonse.

"Umboni ndi umenewo, amalume!" anatero a Leticia. "Mwadzionera nokha."

A Boaz anavula kapu n'kukhala pansi. "Ine ndine wa takisi chabe, akuluakulu. Chimene ndinalakwa ndi kunyamula mnzanga."

Amalume anatsokomola. Si munthu woipa, kungoti anabwera atamva mbali imodzi.

"Amake Chipo, ife sitinabwere kudzanyoza munthu. Tangotiuzani, pathupi apa mwini wake ndani?"

Ndinagwada monga mwa ulemu, koma mutu sindinaweramitse.

"Amalume, mwayenda ulendo wonse kuchokera ku Kasenengwa. Mwapereka moni kwa achimwene anga, kwa a Boaz, kwa ine. Ngakhale galu uyo mwamulankhula, mwati choka. Koma eni nyumba ino simunawalankhule. Makutu awo sanadwale. Afunseni."

"Mwano umenewo!" anatero a Leticia.

Amalume anakweza dzanja kuwaletsa. Manyazi anaoneka pankhope pawo. Kenako anadzuka, navula chipewa, nakanjuta patsogolo pa mpando wa a Fackson.

"Fackson, mwana wa mlongo wanga, wadzuka bwanji? Ukundimva?"

A Fackson anagwedeza mutu.

"Pathupi pa mkazi wakoyu, mwini wake ukumudziwa?"

Zii. Milomo ya amuna anga inagwedezeka koma sipanatuluke kanthu. Chibakera chinali pachifuwa, cholimba mpaka mfundo za zala kuyera. Tinadikira. Kumpanda kuja ngakhale ochapa anasiya kuchapa. A Leticia anapumira m'mwamba, nanyamula chikwama kuyamba kulowera kugalimoto. Mumtima ndinati basi Rosina, wadziphera wekha.

Pamenepo ndinaona dzanja lamanzere la a Fackson likusuntha. Linagwira lamanja lija pamfundo n'kulitsitsira pabondo pang'onopang'ono. Anapuma mozama, monga a Irene ankawauzira. Analowetsa chala n'kutulutsa chala chachikulu chija. Thukuta linatsika pachipumi kuzizira konse kuja. Kenako chala chachiwiri, chachitatu, chimodzichimodzi, chikabwerera n'kuyambiranso. Palibe amene anakhosomola. Ntchito imene ndinkawagwirira kuseri kwa chitseko anaigwira okha pamaso pa anthu.

"Rozi."

A Leticia anaponya chikwama pansi.

Ndinasendera pafupi ndi maondo. Ananyamula dzanja lotseguka lija n'kuliika pamimba panga, lamanzere likupsinja pamwamba kuti lisatsekeke. Anayang'ana amalume m'maso.

"Wa... wanga. Mwana... wanga." Anameza malovu. "Mka... mkazi... wanga."

Kenako anatembenukira kwa alongo awo, nalimbana ndi lilime mpaka mitsempha ya pakhosi kuonekera.

"Leti. Mchere... ayi."

Palibe amene anaseka mawu awo. Achimwene anga anaphimba nkhope ndi manja. A Leticia anayima kakasi, koma mayi uja sagonja msanga.

"Komatu munthu wodwala chonchi angathe bwanji?"

"Alamu," ndinatero, "sitiroko inagwira mkono, mwendo ndi lilime. Zina zonse inasiya. Kapena mukufuna ndifotokoze bwinobwino pamaso pa amalume?"

Amalume anavala chipewa mofulumira n'kuyamba kuyang'ana kumapiri.

A Boaz ndiwo anaphulika, misozi ili mbwembwembwe. "Iwe Fackson, chitsiru iwe! Ine mkazi wanga wandithamangitsira pamphasa, kumsika akundiloza zala, pamene wakuba ali phee pampando ngati m'busa!"

A Fackson anaseka. Kuseka kwawo masiku ano kumakwinya nkhope mbali imodzi, wosadziwa n'kuyesa akwiya. Ndipo posekapo dzanja lija linatsekekanso, n'kufumbata chitenje changa pamimba pomwepo.

"Mwachiona chibakera chanu chija, alamu?" ndinatero. "Hutala ikalira amadziwa kuti kwabwera mnzawo wa nthabwala, komanso kuti yakwana nthawi ya mafizo opweteka. Akaseka chimadzuka, akaopa chimadzuka, akayasamula chimadzuka. Mukanalowa m'chipinda muja tsiku limodzi lokha mukanadziwa."

Galimoto inabwerera ku Kasenengwa itanyamula a Leticia ndi amalume basi.

7

Mwina mukufunsa ngati a Leticia kuti zinatheka bwanji. Nanenso ndinafunsapo. Tsiku lina kuchipatala ndinadikira kuti anthu onse atuluke, n'kuwanong'oneza a Irene, nkhope ikutentha ndi manyazi, ngati munthu wa sitiroko amaloledwa kukhala malo amodzi ndi mkazi wake. Iwo sanaseke. Anati BP ikakhazikika ndipo adokotala akavomera palibe choletsa, bola kusamala mbali yodwalayo ndi kuika pilo pansi pa mkono. Anatinso ambiri amafuna kufunsa koma amapita kwawo ndi funso lawo.

Zaka zonse zija mwamuna wanga anali wa pamsewu. Ankandiona mothamanga, atatopa, maganizo ali pa katundu wa eni ake. Ndiye muzidabwa kuti sindinkaima? Sitiroko ndi chinthu choipa, sindingaifunire ngakhale mdani wanga. Koma ndi imene inakhazika a Fackson pakhomo, ndipo manja anga atazolowera kuwagwira tsiku ndi tsiku tinayamba kudziwana ngati achinyamata.

Mwana anabadwa wamwamuna, tinamutcha Mandla. Makutu ake ndi a atate ake enieni, otambalala, ndipo akazi a a Boaz atabwera kudzamuona anangoti pepani n'kuyamba kulira. A Leticia sanapepese. Anatumiza thumba la nshawa, mtedza wa kumudzi, ndi uthenga woti mwanayo adzapite akamuone. Ndidzapita naye ndikadzafuna.

Musaganize kuti a Fackson anachira. Dzanja limafumbatabe, makamaka kukazizira, ndipo m'mawa uliwonse nsalu yofunda ija imatidikira. Thiraki sadzayendetsanso. Koma amayenda ndi ndodo mpaka pamsika, chikhatho chawo n'choyera chopanda zilonda, ndipo amalankhula ndi aliyense. Mawu akapotoka amayamba okha kuseka.

Inu owerenga, ambiri muli ndi wina pakhomo kapena kumudzi amene mkono wake unakwera pachifuwa chonchi. Mukapita kukamuona musayambe n'kufunsa womusamala kuti kodi wadya, kodi wagona. Khalani patsogolo pake, mum'patse moni, mum'funse yekha, ndipo mudikire yankho ngakhale lichedwe. Chibakera chake musachimasulire, si kalata yochokera kumwamba, ndi minofu yofuna kutambasulidwa. Ngati mumamukonda, pindani malaya muphunzire kutulutsa chala chachikulu chija. Ndipo mkazi amene akumusambitsa ndi kumutembenuza musamuzenge mlandu musanagwireko ntchito yake ngakhale tsiku limodzi.

Alipobe ena ku Kapata amene amati akamuona Mandla n'kuyang'ana takisi ya a Boaz. Ayang'ane, maso ndi awo. Kwathu ndiwo zikadali zopanda mchere, ndipo amene zikumuwawa akadye kwawo.